Utoto wa Akazi Anga

Ntchito ya zikopa ndinaiphunzira kwa mkulu wina wosoka nsapato amene ankakhala pakhonde kuseri kwa masitolo a mumsewu wa Cairo, dziko litangolandira kumene ufulu. Ndinakhala pamapazi pake zaka zisanu ndi chimodzi. Pochoka pamenepo n'kuti ndikudziwa kudula chikopa osaphonya mzere, kuboola timabowo tolingana ngati mano a chipeso, ndiponso kusoka ndi singano ziwiri mwakuti woona ankayesa ndi makina. Ndinamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yathu ya khonsolo ku Kabwata, n'kuyamba kupanga malamba, zikwama za amayi, tizikwama ta m'thumba ndi zikuto za Mabaibulo. Zina anthu ankadzagula pakhomo, zina ndinkapita nazo ku tinyumba ta udzu tija timene osema ziboliboli amayalako malonda awo.

Chikopa chongofufutidwa kumene chimakhala chotuwa, ndipo ukachisiya choncho chimamwa thukuta ndi litsiro, kenaka chimauma n'kuyamba ming'alu. Ndiye ukamaliza kusoka pamatsala ntchito zitatu: kunika utoto, kupaka mafuta, ndi kutseka pamwamba kuti madzi asalowe. Ine zitatuzi sindinkaziwerengera. Ndinkagula mabotolo atatu m'sitolo ya mmwenye wina ku Kamwala, onse ochokera kunja, n'kumangopaka lina pambuyo pa linzake. Kwa ine luso linali mu mpeni ndi mu ulusi. Zinazo ndinkati aliyense angachite.

Akazi anga ndinakawatenga kwathu ku Katete. Sukulu analekezera m'kalasi yachitatu, ndipo Chinyanja cha m'tauni chinawavuta chaka chathunthu. Anzawo pampopi akawapatsa moni wa Chibemba woti "muli shani" iwo ankangomwetulira. Mushedi ankalowamo pokhapokha akabweretsa tiyi. Ndinali nditawauza kuti mipeni yanga ndi yakuthwa, komanso kuti chikopa chimadana ndi manja a kukhitchini. Iwo anangoti, "Ndamva abambo," ndipo kwa zaka zambiri sanakhudzepo ngakhale kachidutswa.

Kenaka zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Amene analipo masiku a chipani chimodzi akukumbukira kuti munthu ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, n'kufunsa pambuyo chimene chikugulitsidwa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere. Mabotolo anga ndiye analibe ndi mzere womwe. Ndinapita ku Kamwala katatu, ndipo katatu konse mmwenye uja anangotambasula manja. Ulendo wachitatuwo anandionetsa shelefu yopanda kanthu n'kunena kuti ndisamadzivute kubwera.

Ndinayamba kupaka malamba polishi wa nsapato. Pamaso ankaoneka bwino ndithu. Mphunzitsi wina wa ku Chelstone anagula lamba mmodzi wofiirira, n'kumuvala pa suti yake ya safari yoyera ngati mkaka, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Patapita masiku atatu anabwera, mkazi wake ali pambuyo. Sanakalipe. Anangovula jekete n'kutembenuka kuti ndione mzere wofiira umene unazungulira m'chiuno mwa buluku ndi malaya omwe. Mkazi wakeyo ndi amene analankhula: "Manje sopo wochapila izi tizampeza kuti, ba tata?"

Akazi anga anamva zonsezi ali kukhitchini. Patapita masiku angapo anaima pakhomo pa shedi, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Abambo, tizidutswa tija mumataya kuseriku, ndingatoleko?"

"Muchite nato chiyani?"

"Ndiyesereko kanthu. Amayi kumudzi ankanika mlaza wolukira mikeka. Wina ankauphika ndi makungwa a m'bawa, wina ankauviika m'matope akuda a kudambo."

"Chikopa si mlaza."

"Zoona abambo. Koma tizidutswato n'totaya kale."

Ndinangogwedeza mutu, maso ali pa ntchito yanga.

Kwa masabata atatu kuseri kwa khitchini kunkamveka fungo lachilendo. Makungwa anakapempha kwa osema ziboliboli, amene ankangowataya, n'kumawaphika mumphika wadothi mpaka madzi atafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Za utoto wakuda, anakumbukira kuti tsiku lina anandimva ndikudandaula chifukwa msomali unagona pa chikopa chonyowa n'kusiya banga lakuda losachoka. Ndiye anatola misomali yadzimbiri n'kuiviika m'madzi a mandimu a mumtengo wathu. Mafuta anawapeza m'mapazi a ng'ombe, aja a kuno amati vimbombo: ankawaphika tsiku lonse, n'kumatapa ndi supuni mafuta oyera oyandama pamwamba, amene sagwirana ngakhale kuzizire. Phula ankalipeza kwa ogulitsa uchi pamsika, n'kulisungunula pamodzi ndi mafuta pang'ono m'kachitini.

Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Chimene ndinaona ine ndi tizidutswa tisanu ndi titatu tondandalikidwa pawindo m'mawa wina ndikupita kushedi. Koyamba kanali kofiirira pang'ono ngati uchi, kotsiriza kakuda bii, ndipo pakati panali kena kamene mtundu wake sindinauonepo m'botolo lililonse: kofiira mozama, kokhala ngati utotowo uli mkati mwa chikopa, osati pamwamba. Ndinakatola. Kanali kofewa, kopindika popanda kuchita makwinya. Ndinadonthezapo madzi, madziwo anangogubuduka n'kugwa. Ndinakatikita mwamphamvu pa mpango wanga woyera, mpango unatsala woyera.

Nditatembenuka ndinapeza akazi anga ataima pakhomo pa khitchini akupukuta manja pa chitenje. Ankadikira mawu anga. Mumtima ndinkadziwa kuti zaka zanga zonse sindinatulutsepo chikopa chokongola chotero. Pakamwa panatuluka zina.

"Zitithandizako ndithu, mpaka mabotolo adzabwere."

"Chabwino abambo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo ine ndinkadula ndi kusoka, iwo n'kumanika. Malonda anayenda kuposa kale, ndipo munthu wanzeru akanangothokoza Mulungu. Koma ndinayamba kuona chinthu. Wogula akanyamula chikwama sankachitembenuzanso kuti aone msoko ngati kale. Ankachisisita, kuchinunkhiza, kuchitengera padzuwa. Ine ndatha masiku anayi ndikuwerama, zala zitatupa ndi ulusi, koma funso linali limodzi: "Mtundu uwu mwautenga kuti?" Ndinkayankha kuti ndi chinsinsi cha ntchito.

Loweruka lina panaima galimoto yoyera pamsewu. Munatsika mayi wina wa ku Kabulonga, wojintcha, wovala magalasi akuda, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Anali ataona chikwama chathu kwa mnzake. Anasankha chimodzi cha mtundu wofiira uja, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba tata, uyu mtundu mumapanga mweka?"

"Ndekha mayi."

Nthawi yomweyo akazi anga anadutsa ndi beseni kupita kumpopi. Manja awo anali ofiira mpaka m'mikono, zikhadabo zitada ndi madzi a misomali. Mayi uja anavula magalasi. Anayang'ana manja aja, kenaka anayang'ana anga, oyera ngati a kalaliki.

"Ba mayo, bwelani kuno," anatero akuseka. "Onetsani manja. Ehe. Ndimwe, ayi?"

Akazi anga anandiyang'ana ine kaye, kenaka anayang'ana pansi. "Ndimangothandizako abambowa."

Mayi uja sanandinyoze. Anangowagwira dzanja n'kupita nawo kuseri kwa khitchini kukaona miphika, ndipo anakhalako pafupifupi ola lathunthu. Ine ndinatsala mushedi ndikumva kuseka kwawo. Kuyambira tsiku limenelo akabwera ankangondiponyera moni ali chiyendere, n'kulunjika kukhitchini. Anzake amene iye ankawalozera kwathu ankachitanso chimodzimodzi.

Nkhani siichedwa ku Kabwata. Kutinyumba ta udzu kuja, wosema wina wa ku Luapula amene tinkayala moyandikana anayamba kundipatsa moni wachilendo. "Mwauka shani ba mudala? Ba bwana banu bali bwanji kunyumba?" Onse ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma pobwerera kunyumba ndinkayenda ngati ndameza mwala. Ngakhale kutchalitchi, mkulu wa mpingo ananyamula Baibulo lake m'mwamba pabwalo, lili m'chikuto chimene ine ndinadula ndi kusoka, n'kuuza azimayi kuti atengere chitsanzo kwa akazi anga, amene manja awo sagona.

Ngakhale mmwenye uja anali atandiletsa, ndinkadutsabe ku Kamwala mwezi ndi mwezi. Sikuti malonda ankafuna mabotolowo. Ndine ndinkawafuna, kuti zinthu zibwerere mwakale. Tsiku lina anandifukulira botolo limodzi la utoto limene linatsalira kuseri kwa makatoni. Ndinabwera nalo m'thumba la jekete osauza munthu. Ndinapaka lamba mmodzi amene ndinamusoka mosamala kwambiri, n'kukamuyala pakati pa malamba onikidwa ndi akazi anga. Ndinakhala chapatali n'kumaona manja a ogula. Dzanja linkafika pa lamba wangayo, n'kumusuntha pang'ono kuti litenge wa pambali pake. Anakhala pamphasa miyezi iwiri, mpaka ndinamuchotsa n'kuyamba kumuvala ndekha.

Nsanje ya pa mnzako wa ntchito ili ndi pothawira: ukaweruka umamusiya. Yanga ndinkadya nayo mbale imodzi. Ndinayamba kutola tizifukwa. Lero fungo la makungwa landipweteketsa mutu, mawa chakudya chachedwa chifukwa cha miphika ya utoto, mkuja mandimu atha mumtengo ana osalawako. Iwo ankapepesa n'kusuntha mbaula kupita nayo kutali. Kuwafunsa mmene amachitira sindinkafuna. Ndinkati mwamuna amene anaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi mumsewu wa Cairo angafunse bwanji munthu wa kalasi yachitatu. Pa lata lina la shedi panali kabowo ka msomali koyang'ana kukhitchini. Ndinkaikapo diso n'kumaba nzeru ngati mbala, pakhomo panga pomwe.

Chaka chachiwiri chili kumapeto kunabwera bambo wina wa ofesi ya ku Longacres, dalaivala akumutsegulira chitseko. Ankafuna chikwama cha mapepala choti apite nacho kunja pa ulendo wa boma, cha mtundu wofiira uja umene anauona kwa mayi wa ku Kabulonga. Potsanzika anafunsa, "Adzapaka ndi amayi, si choncho?" Ndinavomera nditaluma mano.

Chikwama chimenecho ndinachisoka masabata awiri. Ndinasankha chikopa cha pamsana chopanda chipsera, ndipo msoko wake mpaka lero ndimauyesa wopambana pa yonse imene ndinasokapo. Nditamaliza ndinachiika patebulo chili chotuwa. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndikuganiza kuti mawa chipita kukhitchini, n'kubwerako chili cha munthu wina.

M'mawa mwake mnansi wathu anadzanong'oneza kuti kusitolo ya boma ya ku Woodlands kwafika mafuta ophikira. Akazi anga anamanga chitenje, anatenga botolo, n'kuthamangira kumzere. Ndinadziwa kuti sabwera msanga. Ndinakhala kaye pang'ono, kenaka ndinatenga chikwama n'kupita kuseri kwa khitchini.

Mphika wa makungwa unali pamalo pake. Ndinaviika kansalu pansi penipeni pamene utoto unali wokhuthala, n'kupaka pa chikopa. Pamene kansalu kanayambira kukhudza panada nthawi yomweyo, pamene kanathera panatsala potuwa. Ndinapakanso kuti ndifananitse, pakuda paja panaderatu. Ndinati mwina chikauma chifanana, ndiye ndinachiika padenga la shedi, padzuwa. Pochitsitsa chinali ndi mawanga ngati fisi, ndipo kunsi kwake, kumene chinagonera pa misomali ya denga, kunali timadontho takuda tondondozana. Ndinathira mafuta a vimbombo ambiri ndikuyesa kuti abisa. Chikopa chinawamwa malo ena n'kuwakana malo ena. Kachitini ka phula ndinali nditakaika pa mbaula n'kukaiwala, mpaka ndinamva fungo la kupserera.

Akazi anga anafika dzuwa litapendeka, botolo lili lopanda kanthu; mafuta anatha iwo atatsala pang'ono kufika pakhomo pa sitolo. Anandipeza nditakhala pa njerwa, chikwama chili pamiyendo. Anaika botolo pansi, anatenga chikwamacho, anachitembenuza mbali zonse.

"Munachinyowetsa kaye?"

"Kunyowetsa chifukwa chiyani?"

"Chouma chimamwa mwadyera pamalo amodzi. Utotonso timauthira madzi, n'kumapaka pang'onopang'ono kasanu kapena kuposa apo, chikuumira pamthunzi."

"Simunandiuzepo zimenezo."

"Simunandifunsepo abambo. Zaka ziwiri diso lanu lili pa kabowo kaja. Mumayesa sindimaliona? Kunyowetsako ndimachitira kumpopi, kumene kabowo sikafika." Anasuzumira m'kachitini kopserera kaja. "Paja amati safunsa anadya phula. Inu ndiye mwangolitentha."

Sanaseke, ndipo mwina akanaseka ndikanapirira. Ndinayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka pano.

"Musaiwale kuti ndine ndinakuchotsani kumudzi. Chikopa munachidziwira pakhomo pano."

"Zoona abambo," anatero, n'kulowa ndi chikwama m'nyumba.

Analimbana nacho masiku anayi. Anachitsuka ndi madzi ofunda ndi mandimu, anachikwirira m'gaga kuti gagayo akoke mafuta. Mawanga anachepa koma sanachoke. Chimene chinatsala n'kuchidetsa chonse ndi madzi a misomali. Chinatuluka chakuda bwino, chosalala, chowala pang'ono ngati nthenga za khwangwala, koma sichinali chimene mwini wake anaitanitsa.

Bambo wa ku Longacres atabwera, akazi anga anali ataima chapatali monga mwa nthawi zonse. Iye anatenga chikwama n'kukwinya nkhope.

"Ndinanena chofiira. Zakuda zili mbwee m'maofesi monse."

Ndinayankha kuti chikopa china chimakana utoto. Iye sanandimvere n'komwe. Anatembenukira kwa akazi anga.

"Amayi, ulendo uno mwaphonya. Ndinamva mbiri yanu, koma apa ayi."

Panali kanthawi kokwanira kuti ine nditsegule pakamwa. Sindinatsegule. Ndipo ndinene zoona: pansi pa mantha ndi manyazi panali kachisangalalo, kumva munthu wamkulu akunena kuti aphonya.

"Pepani bwana," anatero akazi anga, atapinda maondo.

Anachitenga monyinyirika chifukwa ulendo wake unali pafupi.

Lolemba lotsatira ndinaika malamba khumi pa benchi yawo monga mwa masiku onse. Dzuwa likulowa ndinawapeza pomwepo, ali otuwa, atangowafunditsa nsalu kuti fumbi lisawagwere. Mphika wadothi unali utatsukidwa n'kuvundikiridwa.

"Malamba aja bwanji?"

"Ndapuma kaye abambo. Ndingaphonyenso."

Anapitiriza kuphika, kuchapa, kundiikira madzi kubafa, kundiyankha mwaulemu. Chikopa chokha ndi chimene sanachikhudze. Ine ndinayesa ndekha pa tizidutswa, tsopano ndikunyowetsa, koma tinkatuluka ngati dothi la mumsewu. Ndinayamba kugulitsa malamba ongopaka mafuta, ndipo anthu ankawagwira n'kuwabwezera pansi. Wosema wa ku Luapula uja anasiya kundiseka, ndipo kukhala kwake chete kunandipweteka kuposa nthabwala.

Patapita mwezi mayi wa ku Kabulonga anabwera, anakhala kukhitchini nthawi yaitali. Atachoka, akazi anga anadzagwada pakhomo pa shedi. Anati mayiyo wasandutsa galaja yake kukhala kasitolo ka zamanja, kogulitsa kwa alendo ndi akazi a akazembe, ndipo osoka zikopa angapo azibweretsa katundu wawo kumeneko. Akufuna munthu wonika, masiku atatu pa sabata.

"Ndati ndiyambe ndapempha kwa inu."

Ndikanati ayi akanakhala, ndikudziwa. Koma kukana kukanakhala kuvomera kuti ndikuwafuna. Ndinati, "Pitani, ine ntchito yanga sinaime." Anayamba kukwera basi m'mawa, mphika wawo wadothi uli m'dengu.

Ankabwera ali otopa koma nkhope ili yowala. Munthu amene kale ankangomwetulira pampopi tsopano ankacheza ndi azimayi anzake m'Chinyanja cha m'tauni, n'kuponyamo ndi timawu ta Chizungu timene ankatola kwa ogula. Ankauza ana za agalu akuluakulu a kumeneko ndi za mzungu wina amene anapempha kuti ajambule manja awo. Ine ndinkamvera ndili mushedi, osatulutsa mutu.

Tsiku lina masana ndinali mumsewu wa Cairo kufunafuna ulusi. Patsogolo panga pankayenda mwamuna wina wamtali, chikwama chili paphewa. Mtundu wake ndinauzindikira ndili patali, monga umazindikirira kayendedwe ka m'bale wako m'gulu la anthu. Ndinafulumira kuti ndimuyandikire. Utoto unali wa akazi anga, phula linali lawo, ngakhale m'mphepete munali mosalazidwa momwe amachitira iwo ndi kafupa. Koma msoko unali wa makina, wokhotakhota, ulusi ukulendewera pakona. Msokowonso ndinaudziwa mwini wake: bambo wina wa ku Matero amene ndinkamuseka kuti amasoka ngati akuthamangitsidwa. Zinali ngati ndawapeza akazi anga akuphika m'nyumba ya mwamuna wina.

Ndinamutsata munthuyo kuchokera pa positi ofesi mpaka pokwerera mabasi, maso ali pa chikwama. Mapeto ake anatembenuka, atachikumbatira.

"Imwe ba mudala, mufuna chani? Ndimwe kawalala?"

Ndinati sindine wakuba, ndimangofuna kudziwa kumene anagula.

"Ku Kabulonga. Kuli mzimayi wina kuja, manja yake ni yabwino maningi." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma ni vodula."

Ulusi sindinaufunenso. Ndinabwerera ku Kabwata wapansi, n'kukakhala pa benchi yawo kuseri kwa khitchini mpaka atafika. Anadabwa kundipeza pamenepo.

"Amayi," ndinatero, "kwa bwana uja wa ku Longacres ndinanama. Ndinakusiyani musenze mlandu wanga."

"Ndikudziwa abambo. Ndinalipo."

"Ndipite ndikamuuze?"

Anatula dengu n'kukhala pa njerwa. "Ameneyo musiyeni, sadzandionanso. Koma anakadandaula kwa amayi a ku Kabulonga kuti anamunamiza za ine. Iwo anandifunsa, ine sindinayankhe, chifukwa sindikanatha kukuvulani pamaso pa anthu. Ngati mukufuna kuuza munthu, kauzeni amenewo."

Ndinapita m'mawa mwake, basi imodzi ndi akazi anga. Ku Kabulonga ndinali ndisanalowepo mumpanda wa munthu. Mlonda anatsegula geti, agalu akuuwa, ndipo ndinaima pakhomo pa galaja chipewa chili m'manja, pamaso pa mayi uja, akazi anga, ndi wa ku Matero yemwe amene anali atabweretsa malamba ake. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mphika mpaka padenga. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto.

"N'naziba kudala, ba tata," anatero. "Nenze kufuna chabe kumvela pakamwa panu." Kenaka anatola lamba mmodzi wa mnzanga uja, anayang'ana msoko wake, n'kundiyang'ana ine. "Manje vikwama vanu muzabweletsa liti? Aba basoka monga bali na njala."

Wa ku Matero anangokanda mutu. Akazi anga anali atawerama kale pa mphika wawo, akuvundula.

Ntchito ya ku Kabulonga sanaisiye. Anaigwira zaka zambiri, ndipo utoto wawo unapitiriza kuyenda m'tauni pa misoko ya amuna ena. Zanga ankanika Loweruka, ine nditakhala pambali, tsopano ndikufunsa. Anandiphunzitsa kuyesa utoto pa kachidutswa kaye, kudikira, kupaka mafuta ndi chikhatho kuti afunde n'kulowa, kupukuta phula mpaka mkono utope. Ndinadziwa ndithu, moti lamba wanga ukamuona yekha ungamuyamikire. Koma ukamuika pambali pa wawo umaona kusiyana, ndipo ine ndinkakuona msanga kuposa aliyense. Nsanje sinathere pa geti la ku Kabulonga. Inangochepa mphamvu, ndipo ndinasiya kuitulutsira pa anthu.

Loweruka lina tikudikira kuti malamba aume, iwo anatola chikwama changa chosanika n'kuyendetsa chala pa msoko.

"Mukudziwa abambo, ine ulusi wanuwu unkandipweteka mtima. Ndinkati munthu angathe bwanji kuyenda mzere wowongoka chonchi popanda makina. Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka nditagwirako singano."

"Bwanji simunanene?"

"Nanga inu munanena?"

Ndinawapatsa singano ziwiri ndi kachitsulo koboolera, ndinawaonetsa kagwiridwe kake. Anayesa Loweruka limenelo, ndi lotsatira, ndi lotsatiranso. Msoko wawo unkayenda ngati njira ya mbuzi, apa pothina apo potayirira, ndipo zala anazibaya zonse. Loweruka lachisanu anaponya singano patebulo n'kuseka mpaka misozi, akuti zimenezi Mulungu sanawapatse. Ine ndinawalimbikitsa monga ayenera kuchitira mwamuna, ndinati zimafuna nthawi, ayesenso. Koma pamene ndinkamasula ulusi wawo wokhotawo kuti chikopa chisatayike, ndinangozindikira kuti ndikuimba mluzu.

"Mwakondwatu abambo," anatero akundiyang'ana cham'mbali.

Ndinakana, koma mluzu sunaleke.